Malaya Amene Ambuya Anu Anapsereza

Sendera kuno Taonga, ubwere nayo foni yakoyo. Iwenso Dalitso khala pansi, mpira suthawa. Ana inu mumakhala ngati pampando pali minga. Taonga akuti anzake a ku yunivesite ya Mulungushi amusankha kuti akalankhule m'malo mwawo tsiku lotsazikana ndi aphunzitsi, ndiye wakwera minibasi kudzafika kuno ku Ngungu n'kumati, “Agogo, nithandizeniko sipichi, paja imwe mwenze akatswiri.” Wandiwerengera kawiri. Chizungu chake n'chosalala ngati msewu wa ku Highridge, palibe popunthwa. Koma atamaliza ndadzifunsa kuti kodi mwanayu wanena chiyani, osapeza chogwira. Usakwinye nkhope. Ndikuthandiza, koma uyambe waona malaya ali pamiyendo pangawa.

Mukuona popsa apa pamsana? Imeneyo ndi simbi ya makala. Inu simuidziwa, mumangolowetsa chingwe kukhoma. Simbi ya makala inkafuna munthu wamaso: uikemo makala, uikupize, uipukute kunsi, ndipo ukangoiiwala pansalu yakulanga. Anapsereza malayawa ndi ambuya anu, amake Esinati, mkazi amene sanapserezepo ngakhale kansalu kopukutira m'manja moyo wake wonse. Ndawasunga zaka zonsezi, ndipo chifukwa chimene ndinkawasungira poyamba si chimene ndikuwasungira lero.

Bambo anga anachokera ku Ntcheu wapansi, tauni ino ya Kabwe idakatchedwa Broken Hill, kudzafuna ntchito kumgodi. Ine ndinabadwira m'komboni momwemo, pakati pa Chibemba, Chilenje ndi Chichewa cha makolo. Zinenero zitatu, koma ngakhale chimodzi chomwe chinkandikanika kutulutsa, chifukwa ndinali wachibwibwi. Lero mukundimva ndikuyenda bwino chifukwa ndili ndi inu, pakhonde panga. Koma ndiimikeni pagulu muone. Kusukulu mphunzitsi akandifunsa dzina ndinkati “Lu-lu-lu-lu,” Lufeyo osafika, ndipo anzanga anandipatsa dzina loti Sitima, chifukwa ndinkamveka ngati sitima ya malasha ikunyamuka pasiteshoni. Seka Dalitso, nanenso ndimaseka masiku ano. Nthawi imeneyo ndinkalira.

Chimene pakamwa panakana, dzanja linalola. Ndinkalemba bwino, moti ndinalowa ukalaliki ku ofesi ya mgodi, pa makina a taipi aja olira belu ukafika kumapeto kwa mzere. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi a Jailosi Mbewe. Iwo ankagwira ntchito pansi, mumdima, ndipo anabwera ali mnyamata kuchokera ku Dedza. Mawu awo, ana inu! Akati “Zikomo!” ngakhale agalu a m'komboni ankaleka kuuwa. Koma kuwerenga kunkawavuta. Ankawerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Ine mawu ndinali nawo papepala, iwo anali nawo pakhosi. Mutu umodzi susenza denga, choncho tinagwirizana kuti ine ndizilemba, iwo aziimirira.

Tinayambira pamaliro. Muyenera kumvetsa kuti ife ochokera ku Malawi tinali ndi mantha amodzi aakulu: kufera kwa eni. Ndalama zonyamulira mtembo kupita kumudzi panalibe amene akanazipeza. Ndiye akuluakulu athu anali ndi mwambo wawo. Kumanda, bokosi lisanatsike, munthu mmodzi ankaimirira n'kunena mbiri ya malemu, ndipo m'mbirimo chinthu chosadumphika chinali kutchula kwawo: boma lake, mudzi wake, ndi mayi amene anamubala. Ankati thupi ligona m'dothi la Kabwe, koma dzina likatchulidwa pamodzi ndi mudzi wake, munthuyo wapita kwawo. Kuika munthu osatchula mudzi kunali kumutaya ngati chiweto. Atsogoleri a mpingo sankaletsa, chifukwa nawonso anali alendo ndipo ankayembekeza tsiku lawo.

Ndiye pakagwa maliro ine ndinkakwera njinga yanga, kope m'thumba, kukakhala ndi anamfedwa. Pamenepo ndi pamene ndinaphunzira kuti sipichi siyambira pa cholembera. Umakhala, umafunsa pang'ono, umadikira. Mkazi wamasiye akuuza kuti malemu anali munthu wabwino. Zimenezo usalembe, aliyense womwalira ndi wabwino. Dikira mpaka anene kuti malemuwo tsiku la malipiro ankagula mabanzi awiri, limodzi n'kudya panjira, linalo n'kubisa m'chipewa kuti akapatse mwana wamng'ono. Banzi la m'chipewalo ndiye sipichi yako. Iwe Taonga walemba kuti aphunzitsi anu akuunikirani njira ya tsogolo. Mphunzitsi uti? Anachita chiyani, tsiku liti, atavala chiyani? Kapeze banzi lako.

Pambuyo pake anthu anayamba kutifuna paliponse: paukwati, potsazika kapitawo, pamsonkhano wa anthu ogwira ntchito pansi pa mkuyu waukulu uja wa m'tauni. Zokuzira mawu kunalibe. Masiku ano munthu amanong'ona m'kachitsulo n'kumamveka mpaka ku Makululu, ndiye aliyense akudziona ngati wodziwa kulankhula. Kale unkalankhulira munthu amene waima kumbuyo kwenikweni, wogontha khutu limodzi, amene akuganiza zopita kunyumba. A Mbewe ankamusankha ndi maso munthu ameneyo asanatsegule pakamwa. Ine ndinkawalembera mizere yaifupi, yotha ndi mpweya umodzi, ndipo popumira ndinkaika kadontho ka pensulo yofiira. Mwambi ndinkaika umodzi wokha. Miyambi ili ngati mchere, ukachulutsa ndiwo sizidyeka. Ndipo tinkamaliza anthu akadafunabe kumva, osati atayamba kuyang'ana kumene dzuwa lafika.

Koma woweruza wathu weniweni anali ambuya anu. Iwo anali Mnsenga wa ku Petauke, sukulu analekezera kalasi yachitatu, ndipo pagulu sankalankhula. Loweruka masana a Mbewe ankabwera kwathu, ambuya anu n'kuwathirira munkoyo, thobwa lathu la kuno lija, kenako n'kuyala bulangete patebulo la pakhonde kuti azisita. Ine ndinkawerenga zimene ndalemba, chifukwa pamaso pa anthu awiriwa lilime langa linkamasuka. Sindinkayang'ana nkhope ya ambuya anu, ndinkayang'ana simbi. Ikamayenda uku ndi uku, ndiye kuti mawuwo ndi madeya. Ikachedwa pang'ono, ndiye kuti ndayandikira. Nthawi zina ankangoti, osadzutsa mutu, “Awisi Esinati, apo mwanama.” Umo ndi mmene ankandiitanira m'Chinsenga chawo. Ndinkakwiya, n'kufufuta, chifukwa ankanena zoona.

Tsiku la malayawa linali Loweruka lotero. Ndinkakonza mawu otsazikira kapitawo wina amene ankapuma pantchito, ndipo chiganizo chomaliza chinandivuta sabata yonse. A Mbewe anafika mochedwa, osati ndi phokoso lawo lija, n'kukhala pa chitseko. Ankalankhula motsitsa zinazake, ine n'kumangoti “eya, eya,” maso ali papepala. Kenako chiganizo chija chinabwera. Ndinachiwerenga mokweza, ndipo pomwepo ndinamva fungo la nsalu yopsa. Kucheuka, simbi yaima pamalaya anga a kutchalitchi, ambuya anu ali chiimire, misozi ikutsika. Ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinati, “Achimwene, mwaona? Mawu awa aimitsa simbi!” Malayawo ndinakana kuti atayidwe. Zaka zambiri ndinkawaonetsa alendo, kuwauza kuti tsiku lina ndinalemba chiganizo chimene chinapsereza nsalu.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa. Popeza ine ndinkafunsa za midzi ya anthu pamaliro pokha, m'komboni munabuka nthabwala yoti a Phiri akakufunsa mudzi wako, dziwa kuti akukuyeza bokosi. Anthu ankaseka, koma pansi pa nthabwalayo panali mantha enieni. Ndikakumana ndi nkhalamba pamsika n'kufunsa kuti, “Kodi paja kwanu n'kuti?” inkalavula malovu n'kuchoka. Ndiye ndinazolowera kusafunsa munthu wamoyo. Ngakhale a Mbewe, amene tinadya m'mbale imodzi zaka zoposa makumi anayi, ndinkangodziwa kuti ndi a ku Dedza. Ndinkati nthawi ilipo.

Mgodi unatsekedwa. Inu munabadwa utatsekedwa kale, simudziwa mmene tauni ino inakhalira chete wezulo wa shifiti atasiya kulira. Anzathu ena anabwerera ku Malawi, ena anapita ku Lusaka kwa ana awo, ambiri tinawaika ife tomwe, ine ndikulemba, a Mbewe akutchula midzi. Ntcheu, Dowa, Mzimba, Mulanje: anatumiza kwawo anthu ochuluka munthu uja. Mkazi wawo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo anakulira ku Kitwe kwa achibale a mayi ake. Kenako chifuwa chija cha fumbi la pansi chinawagwira. Mawu aja anayamba kuchepa mpaka anatsala ngati a mwana.

Ndinkapita kukawaona m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndinalimba mtima, kope lili m'thumba la jekete, ndinati, “Achimwene, paja ku Dedza kuja...” Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati, “Wayamba kundiyeza bokosi, Sitima? Bweza kope lako, sindinafe.” Ndinaseka nawo, ndipo ndinachita manyazi kufunsanso. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Koma tsikulo likadzafika, usadzapatse munthu wina pepala. Udzaime wekha. Ndakulankhulira moyo wanga wonse, nawenso udzandilankhulire kamodzi.” Patapita masiku anayi anatisiya.

Apa ndiye panali pothina. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri. Mwana wawo atafika kuchokera ku Kitwe ndinamutengera pambali. Anati, “Ba Phiri, ine niziba chabe Dedza. Batata sibanakambeko vya kumunzi.” Tinatsegula katundu wawo: khadi lakale la kumgodi linangolembedwa nambala ndi dzina la dziko. Ndinayenda Kasanda yense, Bwacha yense, kufunsa nkhalamba zotsala. Aliyense ankati, “Iii, a Mbewe? Si a ku Dedza?” Ambuya anu anali kusiwa masiku onsewo pamodzi ndi amayi anzawo, akuphika ndi kuimba, ndipo sindinaganize n'komwe zowafunsa. Ndinkati mkazi wa ku Petauke angadziwe chiyani za Dedza. Ndinalemba mbiri yonse, yabwino kuposa zonse zimene ndinalembapo, koma pakati pake panali mpata wosalembedwa. Munthu amene anatumiza anzake onse kwawo anali pafupi kuikidwa ngati wopanda kwawo, ndipo wolakwa ndinali ine.

Wina anandinong'oneza kuti ndingopeka dzina la mudzi, palibe angadziwe. Ndikuuzeni zoona, ndinaganizapo. Koma ndinamva m'makutu mwanga mawu aja akuti “apo mwanama.”

Kumanda kunali dzuwa la mwezi wa Okutobala, anthu ambiri, amuna mbali iyi, amayi atakhala pansi mbali inayo. Nditaimirira ndinamva kunong'onezana, chifukwa ambiri anali asanandimvepo n'komwe ndikulankhula pagulu. Ndinasankha munthu wanga wakumbuyo monga ankachitira malemu, ndinayamba. Ndinapereka ulemu kwa abusa, kwa eni maliro, kwa akuluakulu, ndikupunthwa pa liwu lililonse. Anthu anadekha nane. Ndinanena za mnyamata amene anafika pasiteshoni ndi bulangete limodzi. Ndinafika pampata paja. Ndinati, “A Jailosi Mbewe anachokera ku Dedza, m'mudzi mwa...” n'kuima.

Anthu ankaganiza kuti ndi chibwibwi, ndiye anadikira. Ndikanatha kubisala momwemo, n'kudumphira mzere wotsatira, ndipo akanandikhululukira. Koma ndinapinda pepala lija. Ndinati, “Abale anga, si lilime. Sindikudziwa. Zaka makumi anayi ndakhala ndi munthu uyu, sindinamufunse. Ngati alipo wodziwa, andithandize, mbale wanga asagone kuno ngati mlendo.” Ndinkamva kulira kwa njiwa m'mitengo ndi kupuma kwanga. Nkhalamba zinaweramitsa mitu.

Kenako kumbali ya amayi kunamveka mawu. Inu mukudziwa kuti kumanda mkazi sankayankha mbiri, sizinkachitika. Mkulu wina wa mpingo anatukula dzanja kuti aletse, koma analitsitsa yekha. Wolankhulayo anali ambuya anu, atakhala pansi, chitenje kumutu, osaimirira. Anati, “Ni a kwa Mdzinga. Munzi uli kuseli kwa phiri, pafupi na kamtsinje ka nsungwi. Amai awo ni a Nachisale, enze oumba mbiya.”

Ndinatembenukira kubokosi. Ndinafuna kutchula dzinalo mokweza, mwaulemu, monga akanachitira iwo. Chibwibwi chinandigwira pomwepo. Ndinati “kwa Mdzi... kwa Mdzi... kwa Mdzinga!” mpaka mawu anatuluka ndi mphamvu imene sindinadziwe kuti ndili nayo. Palibe anaseka. Amayi anayamba nyimbo, bokosi linatsika, ndipo mwana wa ku Kitwe uja ndinamuona akulemba dzinalo pachikhatho.

Pobwerera tinayenda awiri, ine ndi ambuya anu, njinga ndikukankha. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji. Anandiyang'ana mmene ankayang'anira sipichi yoipa. Anati, “Awisi Esinati, mukumbuka siku ija ninashoka malaya yanu?” Ndinati ndingaiwale bwanji, tsiku la chiganizo changa chija. Anapukusa mutu. Anati, “Chiganizo chanu sininachimveko olo pang'ono. Siku ija a Mbewe analandila kalata kuti amai awo anafa, anaikiwa kudala. Anankhala pa chiseko paja, anakamba vonse: munzi, phiri, nsungwi, mbiya za amai awo. Enze kuuza imwe, mnzawo. Imwe mwenze chabe eya, eya, na pepala yanu. Ndiye ine ninamvela.”

Ndinaima pamsewu. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze zaka zonsezo pamene ndinkanyadira malaya pamaso pa alendo. Anati, “Mwenze okondwa. A Mbewe anati nikulekeni.” Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira kumanda, anthu akudutsa ndi mawilibala awo a makala.

Ndi dzinja lachiwiri lino chichokereni ambuya anu. Ndimawasowa, ana inu, sindibisa. Ndimawasowa Loweruka masana kuposa nthawi ina iliyonse. Simbi ija ili pawindopo, yachita dzimbiri. Nthawi zina ndimalemba kanthu, n'kuwerenga mokweza, n'kupeza ndikuyang'ana patebulo kuti ndione ngati yaima. Ndimalakalaka nditamvanso “Zikomo!” uja akugwedeza malata, ndimalakalaka wina atandiuza kuti ndanama. Tsopano aliyense amangoti, “Agogo, mwakamba bwino,” ndipo ndimadziwa kuti palibe amene amamvetsera.

Ndiye Taonga, mawa ubwerere ku Mulungushi, foni uike m'thumba, ukakhale ndi anzako amene akutumawo. Ukawafunse chimene adzachikumbuke, ndipo akamayankha usamati “eya, eya” uku mutu ukusaka Chizungu chokoma. Ukapeza banzi lako ubwere tidzaike madontho ofiira. Pensulo ikadalipo.

Koma musananyamuke ndikufunseni. Ambuya anu, amene anakusambitsani nonse awiri m'beseni lija, kwawo kunali kuti? Dalitso akuti Petauke. Petauke ndi boma, mwana iwe, munthu sabadwira m'boma lonse. Taonga? Wayang'ana pansi. Munalipo tsiku limene ndinaima pamanda awo n'kutchula, koma munali kulira, sindikukuimbani mlandu. Ndi kwa Chimtanda, kutsidya kwa dambo, ndipo mayi awo anali a Tisauke Mwanza. Ayi, usaike foni pansi tsopano, itenge, ulembe momwemo.

Walemba? Chabwino. Tsopano kwatsala kumodzi. Ine ndinabadwira kuno, koma bambo anga anandisiyira mudzi, ndipo mwa anthu onse amene ankaudziwa ndatsala ndekha. Musaope, sindilavula malovu, sindinena kuti mukundiyeza bokosi. Ndili pano pampando, makutu akumva, lilime likuyenda. Ndifunseni.